Khoma la Dothi Lomwe Chivomerezi Chinalephera Kuligwetsa

Takulandirani ku pulogalamu yathu ya sayansi ndi zomangamanga. Lero tikamba za makoma ochirikiza dothi, aja mumawaona m'mbali mwa msewu wodutsa m'phiri, pansi pa njanji, pamutu pa mlatho kapena m'mphepete mwa madzi. Ntchito yawo ndi kugwira dothi kuti lisagumuke.

Ndiyambe ndi funso. Tiyerekeze kuti pali makoma awiri. Loyamba ndi la konkire yekhayekha, lokhuthala, lolemera, looneka kuti palibe chingalisunthe. Lachiwiri ndi mchenga ndi timiyala zotsenderedwa bwino, m'kati mwake mutayalidwa maukonde a pulasitiki, ndipo kumaso kwake kuli chikuto cha konkire chosakhuthala kwenikweni. Chivomerezi chitabwera, inu mungakonde kuima pafupi ndi liti?

Ambiri a ife tingaloze la konkire mosazengereza. Koma ku Japan, dziko lomwe nthaka yake imagwedezeka kawirikawiri, zomwe zinachitika mu 1995 ndi mu 2011 zinaonetsa kuti lachiwirili ndi lomwe nthawi zambiri limatsala chiimire. Mfundo yomwe ndikufuna muigwire lero ndi iyi: khoma la dothi lolimbitsidwa limapirira chivomerezi chifukwa limatha kusuntha pang'ono osathyoka, koma madzi akapeza njira yolichotsera dothi lake, khomalo latha. Muimvanso mfundoyi tikamapita.

Tiyenda motere. Poyamba tiona momwe khoma lotere limamangidwira. Kenako ndikutengerani mumzinda wa Kobe, komwe chivomerezi chinaliyesa. Tikachoka kumeneko tipita kugombe la kumpoto chakum'mawa kwa Japan, komwe linakumana ndi tsunami. Ndiyeno tibwerera kuno kwathu, pakuti zina mwa izi tinaziona kale ndi maso athu.

Tiyambe ndi mchenga. Aliyense amene anatsitsapo mchenga pangolo kapena palole amadziwa kuti suima chilili. Mukauthira pansi umamwazikira m'mbali n'kupanga mulu wotsetsereka. Mukaponda pamwamba pa muluwo, mchengawo suphwanyika ayi, umangothawira uku ndi uku. Dothi lili ndi mphamvu yosenza katundu wolipsinja, koma mphamvu yokana kukokedwa lilibe, chifukwa timchenga sitimatirana. Ndiye nzeru yake ndi yakuti m'kati mwa dothimo muikidwe chinthu chokana kukokedwa, kuti dothi likafuna kuthawira m'mbali, chinthucho chiziligwira.

Izi mungathe kuziyesa pakhomo ndi ana asukulu. Tengani kachidebe, mchenga wonyowa pang'ono, ndi thumba lakale la feteleza lomwe mwalidula tizidutswa tozungulira, tokwana m'kachidebemo. Thirani mchenga wokwana zala ziwiri, tsenderani, yalani chidutswa cha thumba. Thiraninso mchenga, tsenderani, yalaninso china, mpaka kachidebe kadzaze. Kavundikireni pansi n'kukazula pang'onopang'ono. Pambali pake umbani mulu wina wofanana nawo, koma wopanda thumba. Tsopano ikani kathabwa pamwamba pa mulu uliwonse, muyambe kusanjikapo njerwa. Wopanda thumba uja uphwasuka msanga. Winayo mudzadabwa nawo, chifukwa ukatsenderedwa bwino ungathe kusenza ngakhale munthu. Mchenga ndi womwewo, ndipo simunathiremo simenti. Chasintha n'chakuti timchenga tikafuna kutsetsereka, tikugwirana ndi thumba lija, ndipo thumbalo likukana kutambasuka.

Nzeru imeneyi si yalero. Ku Iraq, pafupi ndi mzinda wa Baghdad, pamalo otchedwa Aqar Quf, pali chinsanja cha zidina chomwe chinamangidwa zaka zoposa 3,000 zapitazo. Omanga ake ankayala mphasa za bango pakati pa mizere ya zidina, ndipo mbali ina ya chinsanjacho idakalipo. Koma amene anaisandutsa ntchito yowerengetsera bwinobwino anali injiniya wa ku France, Henri Vidal, m'zaka za m'ma 1960. Iye ankagwiritsa ntchito malamba achitsulo aatali, oyalidwa m'dothi, olumikizidwa ku zigamba za konkire zomwe zimapanga nkhope ya khoma. Pambuyo pake kunabwera maukonde a pulasitiki olimba kwambiri, omwe akatswiri amawatcha geogrid. Amenewa sachita dzimbiri, ndipo timiyala timalowa m'maso mwa ukondewo n'kukolana nawo.

A ku Japan anaonjezapo chinthu chimodzi chomwe ndikufuna muchimvetsere bwino, chifukwa chidzafunika tikafika pa tsunami. M'zaka za m'ma 1980, Pulofesa Fumio Tatsuoka wa payunivesite ya Tokyo, pamodzi ndi Masaru Tateyama ndi akatswiri ena a zanjanji, anakonza njira yomanga khomali m'magawo awiri. Poyamba amaunjika dothi, n'kumayala ukonde pa masentimita 30 aliwonse, ndipo kumphepete amaika matumba a timiyala omwe amawakulunga ndi ukonde womwewo. Akafika pamwamba amaleka kaye, kuti dothi likhazikike ndi kutitimira mmene lingatitimirire. Likakhazikika, m'pamene amathira konkire kumaso kwake, chikuto chimodzi kuchokera pansi mpaka pamwamba, chomwe chimagwirana ndi ukonde uliwonse. Choncho nkhope ya khoma ndi dothi la kumbuyo zimakhala chinthu chimodzi.

Tsopano tiyeni ku Kobe. Pa 17 Januwale 1995, m'mamawa 6 koloko isanakwane, anthu ambiri akadali m'tulo, chivomerezi champhamvu chinagwedeza mzindawo. Anthu oposa 6,000 anataya miyoyo. Mbali ina ya msewu waukulu wa m'mwamba wa Hanshin, womangidwa pa mizati ya konkire, inagwa cham'mbali. M'mbali mwa njanji, makoma akale a miyala ndi a konkire anapendekeka, ena anathyoka, ena anagwa chafufumimba, dothi la kumbuyo n'kukhuthukira kunja.

Pamalo otchedwa Tanata, m'dera lomwe linagwedezeka koopsa, panali khoma la dothi lolimbitsidwa ndi ukonde, lomangidwa mu 1992 kuti lichirikize njanji. M'litali linali pafupifupi mamita 300, ndipo pena linkatalika mamita 6. Nyumba zambiri zamatabwa zomwe zinayang'anizana nalo zinagwa. Khomalo silinagwe. Akatswiri ataliyeza anapeza kuti pamwamba pake lasuntha masentimita 26, mtunda wosakwana rula ya mwana wasukulu, ndipo patsinde lasuntha masentimita 10 okha. Analikonza pang'ono n'kupitiriza kuligwiritsa ntchito. Chochititsa chidwi china n'chakuti khoma la konkire lolumikizana nalo, lomwe linakhazikidwa pa mizati yozama pansi ndipo linadya ndalama zambiri, linasuntha pafupifupi mofanana. La dothili linalibe mizati n'komwe.

Kodi chinalipulumutsa n'chiyani? Taganizirani kaye khoma la konkire wamba. Ilo limaima lokha, ndipo kumbuyo kwake kuli chimulu cha dothi lomwe likulikankha usana ndi usiku. Pogwira pake ndi patsinde pokha. Chivomerezi chikabwera, nthaka imapita uku n'kubwerera uku, ndipo dothi lonse lija limadziponya pakhoma mobwerezabwereza. Khoma limayamba kupendeka, kulemera kwake konse n'kutsamira kumphepete kwa maziko, nthaka ya pamenepo n'kulephera. Konkire sadziwa kupindika. Akapyola malire ake amathyoka nthawi yomweyo.

Kukhoma la dothi lolimbitsidwa zinthu n'zosiyana, chifukwa dothi lomwe likanakhala lokankha lija lasanduka khoma lenilenilo. Ndi chimulu chotambalala chomangidwa pamodzi, ndipo chinthu chotambalala n'chovuta kuchigudubuza. Nkhope yake sinagwire patsinde pokha. Yagwira paukonde woyamba, wachiwiri, wachitatu, mpaka pamwamba, kotero kuti mphamvu yokankha imagawanika m'malo ambiri. Ndipo chivomerezi chikakula kwambiri, timiyala timasuntha pang'ono, ukonde umatamuka pang'ono, mphamvu ya kugwedezekako n'kuthera m'kukhulana kwa timiyala tosawerengeka. Khoma limatha kufufuma kapena kupendeka pang'ono, koma silikhuthuka. Kwa munthu amene ali m'sitima pamwamba pake, kapena m'nyumba m'munsi mwake, kusiyana kwa kupendeka ndi kugwa ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Chivomerezi cha Kobe chitatha, makoma ambiri a njanji omwe anaonongeka anamangidwanso m'njira imeneyi, ndipo lero ndi yomwe imagwiritsidwa ntchito ngakhale panjanji za sitima zothamanga kwambiri za Shinkansen. Zofanana ndi za ku Tanata zinaonekanso ku Turkey mu Ogasiti 1999. Pamalo otchedwa Arifiye, mlatho wodutsa pamwamba pa msewu waukulu unagwa, koma khoma la dothi lolimbitsidwa lomwe linkakweza msewu kupita pamlathowo linatsala chiimire, ngakhale kuti mng'alu wa chivomerezi unadutsa pafupi nalo kwambiri.

Musaganize kuti makoma onse otere amapulumuka. Mwezi wotsatira, mu Sepitembala 1999, chivomerezi cha Chi-Chi ku Taiwan chinagumula ena mwa iwo. Anali makoma omwe nkhope yake inali mabuloko a simenti ongosanjikiza, maukonde ake otalikirana kwambiri, ndipo polumikizira mabuloko ndi ukonde panali pofooka. Mabuloko anasomphoka n'kugwa. Pamenepa tikuphunzirapo kuti ukonde pawokha sukwanira ngati sunagwirane mwamphamvu ndi nkhope ya khoma.

Tipume kaye pang'ono. Tikabweranso tikamba za madzi.

(Kanyimbo)

Takulandiraninso, omvera. Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za makoma a dothi lolimbitsidwa ndi maukonde. Taona kuti khoma lotere limapirira chivomerezi chifukwa limatha kusuntha pang'ono osathyoka. Tsopano tione mdani wake wamkulu, madzi.

Pa 11 Malichi 2011, masana nthawi itatsala pang'ono kukwana 3 koloko, pansi pa nyanja ya Pacific kufupi ndi Japan panachitika chivomerezi cha mphamvu ya 9 pa sikelo yoyezera zivomerezi, chachikulu kuposa china chilichonse chomwe chinayezedwapo m'dzikolo. Nthaka ya pansi pa nyanja inatukuka, n'kutukula madzi onse omwe anali pamwamba pake. Umu ndi momwe tsunami imabadwira. Musaiyerekeze ndi mafunde a mwera omwe amamenya gombe n'kubwerera nthawi yomweyo. Tsunami ndi nyanja yonse ikukwera, n'kumangobwerabe kumtunda kwa mphindi zambiri, itanyamula mabwato, magalimoto ndi nyumba, kenako n'kubwerera ndi mphamvu yoopsanso. M'madera ena a gombe la Sanriku, kumpoto chakum'mawa kwa Japan, inafika patangotha theka la ola, ndipo pena inakwera phiri mpaka mamita pafupifupi 40. Anthu oposa 18,000 anafa kapena kusowa.

Taonani mayeso omwe khoma la kugombe linakumana nawo tsiku limenelo. Poyamba linagwedezeka kwa mphindi zingapo. Kenako gombe lenilenilo linatitimira, malo ena ndi mita yathunthu, kutanthauza kuti khoma linafupika madzi asanafike n'komwe. Ndiyeno m'pamene nyanja inabwera.

M'tauni ya Taro munali khoma lomwe dziko lonse la Japan linkalinyadira. Tauniyi inasesedwa ndi tsunami mu 1896 ndi mu 1933, choncho anthu ake anamanga chikhoma chotalika mamita 10, choyenda mtunda woposa makilomita awiri. Mu 2011 madzi anadutsa pamwamba pake, mbali ina ya khomalo inagumuka, ndipo anthu pafupifupi 180 anafa kapena kusowa. Makoma ambiri a m'gombe limenelo anali omangidwa mofanana: mulu wa dothi wopanda ukonde m'kati, wokutidwa ndi zigamba za konkire zongoyalidwa pamwamba.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa momwe makomawa anagwera ndi posiyana ndi momwe ambiri timaganizira. Timaganiza kuti madzi amamenya khoma kumaso n'kulikankha mpaka ligwe. Akatswiri atayendera gombelo anapeza kuti ambiri anayamba kuonongeka kumbuyo, mbali ya kumtunda. Madzi akadutsa pamwamba, amatsetsereka kumbuyoko ndi liwiro lalikulu, n'kukamenya nthaka patsinde pa khoma. Pamenepo amakumba dzenje. Dzenjelo likakula, chigamba cha konkire cham'munsi chimasowa pokhala n'kutsetserekeramo, chotsatira n'kuchilondola. Pamwambanso, pomwe madzi amakhotera kuti atsike, kuthamanga kwake kumayamwa zigamba n'kuzitukula, pakuti palibe chomwe chazimangirira kudothi, zimangodalira kulemera kwake. Chigamba chimodzi chikachoka, dothi lakhala pambalambanda, ndipo madzi othamanga chonchi sachedwa kulikokolola. Zomwe zatsala, madzi amadzamaliza pobwerera kunyanja.

Milatho nayo inaona zakuda. Mazana angapo anaonongeka. Mtanda wa mlatho wamba umangokhazikidwa pamwamba pa mizati yake, ndiye madzi ankautukula n'kuukankhira kutali. Kwina mlatho unkatsala, koma dothi lolumikiza mlatho ndi msewu linkakokoloka lonse.

Nanga makoma a dothi lolimbitsidwa anatani? Gulu la akatswiri a ku Japan, mwa iwo Jiro Kuwano, Yoshihisa Miyata ndi Junichi Koseki, linasonkhanitsa zomwe zinapezeka pa makoma otere pafupifupi 1,600 m'dera lonse lomwe linagwedezeka. Mwa makoma 10 aliwonse, oposa 9 analibe vuto lililonse. Omwe anaonongeka kwambiri sanakwane limodzi pa 100 aliwonse, ngakhale kuti ambiri anagwedezeka kuposa mlingo womwe omanga anawerengera. Ena anamira m'madzi a tsunami n'kutulukamo ali chiimire. Koma pomwe madzi anakumba patsinde, kapena anapeza mpata kumapeto kwa khoma n'kuyamba kutulutsa dothi, kuonongeka kunalipo. Ukonde umagwira ntchito pokhapokha uli wopanikizika pakati pa dothi. Dothilo likachoka, ukonde umangolendewera, wopanda chogwira.

N'chifukwa chake njira ija ya chikuto chimodzi cha konkire chogwirana ndi ukonde uliwonse inakhala yamtengo wapatali. Akatswiri anamanga timakoma tating'ono m'ngalande zoyesera, n'kumathira madzi kuti adutse pamwamba pake. Timakoma tomwe chikuto chake chinangoyalidwa tinkasupuka msanga. Tomwe chikuto chake chinamangiriridwa kumaukonde tinkapirira nthawi yaitali, chifukwa kuti madzi atukule chigamba anayenera kuzula ukonde womwe wapsinjidwa ndi dothi lonse la pamwamba pake. Ndipo ngakhale dzenje likumbike patsinde, chikuto sichitsetserekeramo msanga, popeza chagwira m'malo ambiri.

Nzeruyi sinathere m'ngalande zoyesera. Njanji ya Sanriku Railway, yomwe imayenda m'mphepete mwa gombelo kudutsa m'midzi ya asodzi, inadukaduka ndi tsunami. Pa siteshoni ya Shimanokoshi, m'mudzi wa Tanohata, njanji inkadutsa pa mizati ya konkire, ndipo madzi anaigwetsa pamodzi ndi siteshoniyo. Pomanganso, anaunjika mulu wa dothi lolimbitsidwa ndi maukonde, wokutidwa ndi konkire wogwirana ndi maukondewo, kuti usenze njanji komanso utchinge madzi. Pa Haipe, pa Koikorobe ndi pa Matsumaegawa anamanga milatho ya mtundu watsopano, yomwe mtanda wake, mitu yake iwiri ndi dothi lolimbitsidwa la kumbuyo kwake zonse n'zolumikizana. Palibe mtanda wongokhazikidwa woti madzi autukule. Mu Epulo 2014 sitima zinayambanso kuyenda njira yonse yomwe kampaniyo inali nayo.

Boma la Japan linasinthanso kaganizidwe kake, ndipo kwa ine ichi ndicho chachikulu kuposa ukonde ndi konkire. Linavomereza kuti silingathe kumanga khoma lomwe tsunami ina iliyonse singalidumphe. Tsopano amasiyanitsa mitundu iwiri. Pali tsunami yomwe imabwera kamodzi pa zaka makumi angapo kapena zaka 100 ndi kupitirirapo pang'ono, ndipo imeneyi khoma liyenera kuitchinga. Palinso ija yoopsa, yosowa, yonga ya 2011. Imeneyi idzadutsa pamwamba ndithu, koma khoma liyenera kulimbikira osagumuka msanga, kuti madzi olowa achepe, afike mochedwa, anthu apeze nthawi yokwera kumapiri. Pambuyo pa ngoziyi zinamveka kuti m'madera ena anthu anachedwa kuthawa chifukwa chodalira makoma awo. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa khoma lomwe linamangidwa kuti liwapulumutse ndi lomwe linawapatsa mtima wokhala pansi. Khoma, ngakhale lomangidwa mwaluso chotani, ntchito yake pa tsiku loopsa ndi kukupatsani mphindi zothawira.

Timve kanyimbo kena, kenako tibwerere kwathu.

(Kanyimbo)

Tabweranso, omvera. Mwina wina akufunsa kuti, nanga ife a ku Malawi, dziko lopanda nyanja ya mchere, tsunami ikutikhudza pati? Yankho lili pawiri.

Choyamba, zivomerezi tili nazo. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, momwe nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo nyanja yathu ya Malawi yakhala mumng'alu womwewo. Akuluakulu a ku Salima akukumbukira chivomerezi cha mu Malichi 1989. A ku Karonga sanaiwale Disembala 2009, pomwe nthaka inagwedezeka kangapo m'masabata awiri, nyumba zambirimbiri n'kugwa kapena kung'aluka.

Chachiwiri, madzi odutsa pamwamba pa mulu wa dothi amachita zofanana, kaya achokera kunyanja ya Pacific kaya achokera kumtsinje wa Shire, wa Ruo kapena wa Mwanza. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana anagumula mbali ina ya damu la Kapichira, ndipo magetsi anavuta kwa miyezi yambiri. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, n'kudula misewu. Ambiri a inu munaonapo mlatho utaima bwinobwino pakati pa mtsinje, koma osatheka kuufika chifukwa dothi la kumutu kwake lapita ndi madzi. Chimenecho n'chomwe chinachitikanso ku Sanriku. A ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe kumamangidwa makoma a dothi otchinga madzi osefukira, mukadzaona khoma lotere litabooka, mukayang'ane kumbuyo kwake. Nthawi zambiri mukapeza dzenje lakuya patsinde, pomwe madzi anagwera.

Achibale a njira yomwe takambayi tili nawo kale. Miyala ija amaimanga m'mabokosi a waya m'mbali mwa misewu ndi pamitu ya milatho nayonso imatha kupindika pang'ono osathyoka, ndipo imalola madzi kutuluka. Udzu wa vetiva womwe alangizi amatilimbikitsa kubzala pa akalozera umalimbitsa nthaka ndi mizu yake yozama.

Komabe pali chenjezo lomwe sindingatseke pulogalamuyi osalinena. Ku America, akatswiri awiri, Robert Koerner ndi George Koerner, anasonkhanitsa nkhani za makoma a dothi lolimbitsidwa 171 omwe anagumuka kapena kupindika kwambiri m'mayiko osiyanasiyana, n'kufalitsa zomwe anapeza mu 2013. Pafupifupi onse analephera chifukwa cha zolakwika za okonza mapulani kapena omanga, osati chifukwa ukonde unali woipa. Mwa 10 aliwonse, 6 anadzazidwa ndi dothi losalala kapena dongo m'malo mwa mchenga ndi timiyala. Pafupifupi 7 sanatsenderedwe mokwanira. Ndipo 6 anagwa chifukwa cha madzi, ena olowa m'kati, ena ochokera kunja. Ambiri sanathe n'zaka zinayi zomwe.

Tamvetsani bwino zimenezi. Khoma lomwe lingathe kupirira chivomerezi cha Kobe lingathe kugwa ndi mvula wamba, ngati womanga anathiramo dongo pofuna kupulumutsa ndalama ya kwale. Dongo limasunga madzi. Likanyowa limalemera, limaterera, ndipo kugwirana kwake ndi ukonde kumachepa. Madzi osowa kotulukira amakankha khoma kuchokera m'kati. Za kutsendera, anthu a kwathu omwe anamangapo nyumba ya mdindo amazidziwa kale: mukathira dothi lochuluka nthawi imodzi n'kungodinda pamwamba, chipupa chimaoneka bwino tsiku limenelo, koma m'kati muli mowolowa, ndipo dzinja loyamba lidzaulula. Kumsewu n'chimodzimodzi. Dothi liyenera kuthiridwa pang'onopang'ono, chimakina chopondera n'kudutsapo mokwanira, ukonde wina usanayalidwe. Vuto lake n'lakuti khoma likatha, zonsezi zimabisika. Wodutsa amangoona nkhope yosalala. N'chifukwa chake ndimaona kuti makomiti a chitukuko m'madera mwathu, mafumu ndi makhansala ali ndi ufulu wofika pamalo ntchito ili m'kati n'kufunsa kuti, dothi mukuthirali lachokera kuti? Madzi akalowa adzatulukira pati? Patsinde mwaikapo chiyani kuti mtsinje usakumbe? Injiniya wodziwa ntchito yake sangakwiye ndi mafunso otere.

Ndipemphenso kuti chiyeso cha kachidebe chija chikhale chophunzirira basi. Thumba la feteleza limafumbwa ndi dzuwa ndipo silinapangidwire kusenza phiri. Amene nyumba yanu ili motsetsereka, monga ku Ndirande, ku Chilobwe kapena ku Bangwe, ndipo mukufuna kudula phiri kuti mupeze bwalo, khoma lililonse lotalika kuposa munthu likufunika katswiri woliwerengera, chifukwa likagwa limagwera anansi a m'munsi.

Sabata ino, mukamadutsa pamlatho wa kwanu, kapena pakhoma lililonse lochirikiza dothi, taimani pang'ono muliyang'ane. Kodi lili ndi timabowo kapena mapaipi otulutsira madzi, ndipo ndi otseguka kapena anatsekeka ndi matope? Kodi pamwamba pake, kumbuyo, nthaka yang'aluka motsatira khomalo? Kodi lafufuma pamimba? Nanga patsinde, madzi ayamba kale kukumba? Mukaona chimodzi mwa izi, kauzeni a komiti ya chitukuko kapena a kukhonsolo mvula isanayambe, ndipo mukambirane ndi apabanja panu kuti madzi atadutsa pamwamba pake usiku, mungathawire kuti, podzera njira iti.